Tepi ya M'chipinda cha Apongozi

Pakati pa Amalawi a ku Wakefield, Watson Kaliwo anali munthu wa ulemu wake. Anali injiniya wa milatho ku Leeds, mlembi wa mpingo, ndipo pachinkhoswe kapena pamaliro anthu ankayang'ana iye kuti ayambe kulankhula. Koma palibe munthu wopanda pofooka, ndipo Watson pake panali pa zidole. Ndikunena makanema ojambula pamanja a ku Japan, akalekale aja, a anthu a maso aakulu ndi tsitsi losongoka. Mawu oti zidolewo iye ankadana nawo kwambiri. Ukangowatchula pamaso pake unkalandira ulaliki wa momwe amisiri ankajambulira chithunzi chimodzichimodzi ndi burashi, mpaka tiyi wako kuzizira, iwe n'kulumbira kuti sudzayambiranso.

Kachipinda kapamwamba m'nyumba mwake kanali kodzaza tho. Munali matepi, madividi, zithunzi za m'mafulemu, ndi tianthu tapulasitiki tomwe chigulireni sitinatulukepo m'mabokosi. Lamlungu akaweruka kutchalitchi, anzake akupita kokawotcha nyama, iye ankazungulira misika ija azungu amagulitsira zakale zawo kumbuyo kwa galimoto, n'kumafukula m'makatoni ngati nkhuku padzala. Mkazi wake Matilda, namwino pachipatala, analeka kalekale kudandaula. Ankati bola zidole, amuna a anzake amatolera zoipa kuposa pamenepo.

Mwa zonsezo chuma chenicheni chinali chimodzi: tepi yakuda yopanda chithunzi, yolembedwa pamanja ndi zilembo za Chijapani zomwe zinali zitayamba kufufutika. Anamupatsa ndi a Nishida, mphunzitsi wa masamu yemwe anachokera ku Japan kudzathandiza pasekondale ina ya ku Mulanje, Watson ali Fomu 2. Mchemwali wawo ndiye anaijambula pa tivi kwawoko, ndipo Loweruka masana a Nishida ankaionetsa m'holo. Inali nkhani ya mayi wamasiye wolima mbatatesi kuphiri, yemwe anatola chimunthu chachitsulo cha mkono umodzi, chotsalira kunkhondo, n'kuchiphunzitsa kugwira khasu. Anyamata anzake ankafuna za karate, moti ankatuluka mmodzimmodzi akung'ung'udza. Watson yekha ndiye ankatsala mpaka kumapeto, kukamwa kuli yasa. Pobwerera kwawo, a Nishida anamuikira tepiyo m'manja.

Kanema ameneyu sanagulitsidwepo m'sitolo, ndipo pa intaneti Watson anafufuza mpaka kutopa osamupeza. Anzake a kukalabu ya okonda makanema otere ku Leeds ankapempha kuti angoigwirako chabe tepiyo. Koma inali itakalamba, moti mwiniwakeyo analeka kuionera poopa kuti ingaduke. Ken, mnzake wa ku Rotherham wodziwa za makompyuta, ankamukakamiza kuti aisamutsire pakompyuta. Vuto linali loti kusamutsako kunkafunanso kuti tepi izungulire kuchokera koyamba mpaka kumapeto, ndiye Watson ankangoti mwezi wamawa, mwezi wamawa. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

Mu 2016 munabadwa mwana wawo wamkazi, Khumbo. Tchuthi cha Matilda chitatsala pang'ono kutha, amayi ake, aNachisale, anakwera ndege kuchokera ku Bembeke kudzalera mdzukulu. Chipinda choti agonemo chinali chomwechija cha zidole. Watson sakanalola kuti apongozi ake adziwe zoti mwana wawo anakwatiwa ndi bambo wa imvi m'ndevu woonera zidole, choncho anatha Loweruka lonse akubisa umboni. Zithunzi ndi mabokosi anakweza kudenga. Matepi sakanapita kudengako chifukwa cha chinyontho, ndiye anawalongedza m'masutikesi awiri n'kuwakankhira kunsi kwa bedi, kukhoma kwenikweni. Kativi kakale kokhala ndi polowetsera tepi anakasiya pakabati atakafunditsa chitenje. Anapukuta m'manja, wokhutira ndi nzeru zake.

Injiniya wathu anaganizira zonse kupatula chimodzi. Tsiku lomwe apongozi anagona m'menemo, chipindacho chinasanduka malo oti iye sangapondemonso. ANachisale anali mayi wa mwambo. Kwawo mkamwini akaona apongozi ake akubwera panjira amapatukira patchire, sadya nawo mbale imodzi, ndipo za kulowa m'chipinda chawo chogona n'zosayamba n'komwe kuziganiza. Nanga m'nyumba ya ku Wakefield, yopanikizana ngati bokosi la machesi, tchire ukalipeza kuti? Anangogwirizana mosakambirana. Watson akafuna kukwera masitepe ankayamba wakhosomola, aNachisale akamva ankatseka chitseko chawo. Iwo akafuna kutsika ankayamba nyimbo ya kwaya, Watson n'kuthawira kukhitchini. Moni ankapatsana patali, wina atanjuta uku, wina atagwada uko, maso onse ali pansi.

"Amayi, kuno ndi ku UK," Matilda anawauza tsiku lina atatopa ndi kuseka. "Anthu amakhala pasofa imodzi ndi apongozi awo."

"Asiye akhale," anayankha aNachisale. "Ine ulemu wanga sindinausiye pabwalo la ndege."

Kunena zoona, Watson zinkamusangalatsa. Ankamva kuti m'nyumba mwabwera kwawo.

Mu Januwale Ken anaimba foni kuti wagula makina abwino osamutsira matepi, ndipo Watson akapanda kubwera ndi tepiyo Loweruka asadzamutchulirenso nkhaniyi. Watson anavomera. Anakonza zoti Lachisanu madzulo Matilda akabwera kuntchito alowe kwa amayi ake ngati akufuna bulangete, atulutse tepiyo mwakachetechete.

Lachisanulo kunagwa sinowo wambiri ku Leeds, moti abwana anauza anthu kuti aweruke masana sitima zisanaime. Watson anafika pakhomo cha m'ma thuu koloko, akuimba kamluzu. Atangotsegula chitseko, kamluzuko kanafera pamilomo. Kuchokera pamwamba kunkamveka kanyimbo ka chitoliro komwe akanakazindikira ngakhale ali m'tulo. Tepi ya a Nishida inali kuzungulira m'kativi kaja, kativi komwe kanali katadya kale matepi abwinobwino osawerengeka.

Chikwama chinagwa pansi. Anaimbira Matilda, koma foni ya namwino ikakhala pantchito imagona muloka yokiyira katundu. Anathamangira kukhitchini, kutseka chitseko, n'kuimbira Ken monong'ona.

"Aise, akuionera."

"Ndani akuonera chani?"

"Apongozi. Tepi ija. Ikulira panopa m'mwambamu."

Ken anaseka mpaka kutsamwa. "No way! Ndiye ukudikira chani? Kwera ukaitulutse."

"M'chipinda mwa apongozi? Iwe unakulira kuti?"

"Ku Area 47, komwe anthu amagogoda n'kulowa. OK, kathimitse main switch."

"Magetsi akazima ili m'kati mozungulira ikodwa, ndiye kuti yatheratu. Komanso ukufuna ndizimitsire heating gogo ndi khanda kukuzizira chonchi?"

"Ndiye pemphera, man. Si ndiwe mlembi wa mpingo?"

Watson anadula foni. Anagwira njakata. Kukwera kunali kuphwanya mwambo, komanso kuvomera pamaso pa apongozi kuti zidolezo n'zake. Kukhala pansi kunali kumvetsera chuma chake chikuphwanyidwa pang'onopang'ono. Anaima pansi pa masitepe n'kukhosomola monga mwa nthawi zonse. Chitseko sichinatsekedwe. Anakwerako pang'ono, n'kukhosomolanso mwamphamvu, chifuwa chonga cha munthu wosuta chingambwe. Phokoso la kativi linatsikako, koma chitseko chinakhalabe chotsegula pang'ono. Atafika pakolido ananjuta, nkhope ataloza kukhoma.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Taswera bwino, kaya inu apongozi?"

"Taswera."

Moni unathera pomwepo, ndipo mwambo sunawapatse mawu ena oti awonjezere. Kunamveka chitoliro chokha, ndi Khumbo akumenyetsa supuni pansi. Kenaka aNachisale anapeza njira yomwe amayi akwathu anaipeza kalekale.

"Khumbo," anatero, "tawafunsa abambo ako, chifuwa chimenechi chayamba liti? Uwauze kuti m'khitchini muli mandimu."

Khumbo anali ndi mano awiri okha ndipo mawu omwe ankadziwa anali "ba". Komabe ntchito ya unkhoswe anailandira.

"Khumbo," anayankha Watson, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunali sinowo, "uwauze agogo kuti chifuwa chilibe kanthu. Kungoti tepi akuonerayo ndi yokalamba kwambiri."

"Uwauze kuti nafenso ndife okalamba, koma tikugwirabe ntchito."

Watson anafunsa, kudzera mwa Khumbo yemweyo, kuti agogo anaipeza bwanji. Apa ndi pomwe anazindikira kupusa kwake kwachiwiri. Mayi wa ku Bembeke sangadzuke m'mawa osasesa kunsi kwa bedi, ndipo masutikesi aja anawapeza tsiku loyamba lomwe. Sananene kanthu chifukwa katundu wa mkamwini safunsidwa. Makina otere ankawadziwa, poti kuparishi kwawo ndiwo ankasunga makiyi a holo yoonetsera makanema a Baibulo.

"Uwauze abambo ako kuti sindinafune kuwagwirira zinthu zawo," anapitiriza aNachisale, mawu atatsika. "Zina zonse zili ndi zithunzi pamwamba, ndinaona kuti n'zamasewera. Koma iyi ndi yolemba pamanja. Kwathu tepi yolemba pamanja imakhala ya ukwati. Ndinati mwina ndi ya ukwati wa amayi ako, ndiwaonenso agogo ako aamuna akuyenda, atavala suti yawo ija yobwereka."

Apongozi aamuna a Watson anamwalira Khumbo asanabadwe, ndipo iye sanaganizepo kuti mayi ameneyu, woimba nyimbo za kwaya pamasitepe, amatha masana onse yekhayekha m'kachipinda, m'dziko lomwe dzuwa limalowa anthu asanaweruke. Anamva chisoni, komanso manyazi.

"Ndiye m'malo mwa ukwati ndinapeza mayi mnzanga," anatero aNachisale. "Wamasiye ngati ine, wolima mbatatesi ngati ine. Chiyambire Lolemba ndikumuonera pang'onopang'ono iwe ukagona. Mizere yake sadziwa kuunga, mvula ya ku Bembeke ikanamukokololera zonse, koma ndi wolimba mtima. Tsono lero kwabwera asilikali. Uwauze abambo ako kuti ngati ndalakwa ndiitulutse, ndiika pakhomopa atenge."

Kunamveka kulira kwa bedi, kusonyeza kuti aimirira. Watson anaona chuma chake chikubwerera m'manja mwake chili chamoyo. Mawa Ken akanachisamutsa, nkhani n'kuthera pomwepo. Anatsegula pakamwa kuti athokoze.

"Kungoti," anawonjezera aNachisale, ngati akudzilankhulira, "ndikanakonda kudziwa zomwe akunena asilikaliwa. Sabata yonse ndaonera ndi maso okha. Kaya abambo ako amamva chilankhulo chimenechi?"

Funso limeneli linamulasa Watson pamtima. Zaka zonsezi anaonetsa chuma chake kwa azungu a kukalabu, iwo n'kumayamikira mitundu ndi kajambulidwe. Amalawi anzake ankangomuseka. Ngakhale Matilda, yemwe ankamukonda ndi zidole zake zomwe, ankagona kanema asanafike pakati. Palibe munthu wakwawo ndi mmodzi yemwe amene anamufunsapo kuti anthu a m'kanemamo akuti chiyani. Chijapani anachiphunzirako madzulo ku Leeds, koma mawu a tepi iyi sankafunikira sukulu, anali nawo pamtima chiyambire ku Mulanje. Akanatha kunena kuti adikire Lamlungu adzaonere pakompyuta. Koma mayiyu anafunsa lero, asilikali ali kale pamunda, ndipo Watson ankadziwa kuti munthu wa mwambo ngati ameneyu akabweza chinthu ndi manyazi sadzachipemphanso.

"Khumbo," anatero, "uwauze agogo asaitulutse. Angotembenuzira kativiko kukhomo kuno."

Anakonza bwalo lawo mosaphwanya lamulo ndi limodzi lomwe. ANachisale anakhala pabedi kuseri kwa chitseko, Khumbo ali pamiyendo. Watson anavundikira basiketi ya zovala zochapa pakolido n'kukhalapo. Onse ankaona kativi, koma wina sankamuona mnzake.

"Uyu wa ndevuyu ndi mkulu wa asilikali," anayamba Watson mwaulemu, ngati akuwerenga zolengeza kutchalitchi. "Akuti, mayi, tamva kuti mukusunga katundu wa boma."

"Katundu wa boma! Pomwe chinkachita dzimbiri m'dambo boma linali kuti?"

"Mayiyo akunenanso chimodzimodzi."

"Eya. Ndinadziwa kuti ndi munthu wanzeru."

Posakhalitsa ulemu wa zolengeza uja unatha. Watson anayamba kusintha mawu: msilikali ankalankhula Chichewa cha kubaraki, mayi wamasiye anamupatsa kalankhulidwe ka ku Dedza, ndipo chimunthu chachitsulo chinkalankhulira m'mimba, mawu amodziamodzi. Khumbo akamva mawu a chimunthucho ankaseka mpaka kugwa chagada. ANachisale ankaombera m'manja, kutsutsa, kulangiza. Chimunthu chitabisala m'nkhokwe miyendo ili panja, anaseka chikhakhali chomwe Watson anali asanachimvepo chibwerereni iwo. Iye naye anaiwala za basiketi, mpaka inaphwanyika mbali imodzi.

Pagalasi panayamba kudutsa mizere yoyera. Watson anaiona, ndipo ankadziwa tanthauzo lake. Mtima unamuuza kuti aimitse, koma apa n'kuti asilikali atapereka tsiku limodzi loti mayiyo apereke chimunthucho, ndipo aNachisale anali atasiya ngakhale kupuma. Anapitiriza kumasulira.

Mayi wamasiye anatenga khasu, n'kuitana chimunthu chija kuti chimutsatire kumunda. Chitoliro chinayamba kulira mokoka ngati chaledzera. Kenaka kunamveka khwee, khwee, thapu! Galasi linasanduka la buluu, ndipo kativi kanalavula tepi theka, riboni yakuda ikulendewera ili makwinyamakwinya, yoduka.

Watson anayang'ana riboniyo kudzera pampata wa chitseko, ndipo zinamupweteka kwambiri, sitingabise. Anakumbukira holo ya ku Mulanje, fungo la mabenchi, ndi a Nishida akuwerama pomupatsa tepi ngati akupatsa munthu wamkulu. Ken mwina akanatha kulumikiza zotsalazo, koma chigawo chomaliza chinali chitatafunidwa, ndipo padziko lonse Watson sankadziwa kwina kokachipeza. Anapukuta m'maso ndi tayi.

"Ndapalamula," anatero aNachisale motsitsa. "Mayo ine, ndawonongetsa chinthu cha eni."

"Khumbo, uwauze agogo kuti sanapalamule. Ndine ndinati isatuluke. Ndipo uwauze kuti chiilandirireni tepi imeneyi, sinaonereredwepo bwino ngati lero."

Ananena zimenezi pofuna kuwatonthoza, koma atazimva m'makutu mwake anapeza kuti n'zoona, ndipo mtima unapepukako. Kenaka kuseri kwa chitseko kunamveka kusuntha kwa mapilo.

"Mwanayu wagona, apongozi," anatero aNachisale. "Tisamudzutse ndi mauthenga athu. Ingondiuzani ineyo. Anachitenga?"

Watson anadzidzimuka. Chikwatirireni Matilda, apongozi ake anali asanamufunsepo funso lakelake, loposa moni, popanda wodutsiramo.

"Ayi, amayi," anayankha. "Sanachitenge."

"Eya! Anachibisa kuti?"

"Anachiuza kuti chigone chagada m'munda. Ndiye anachikwirira ndi dothi, n'kuunga mizere pamwamba pake, n'kubzalapo mbatatesi."

"Ndinadziwa! Inenso ndikanatero. Nanga asilikali aja?"

"Anafufuza ponseponse mpaka kutopa. Mkulu wawo uja anakhala pakachulu kuti apume, osadziwa kuti wakhalira mphuno ya chimunthucho."

ANachisale anayamba kuseka, n'kudzigwira pakamwa poopa kudzutsa mwana, bedi lonse likugwedezeka. Atapezako mpweya anakankha chitseko ndi phazi, mpata unakulirako pang'ono.

"Mukuthamanga, apongozi. Bwererani pomwe anatenga khasu paja, mufotokoze bwinobwino, musadumphe kanthu. Ndipo mawu a chimunthu aja muziwachita."

Watson anakokera basiketi yake yophwanyikayo pafupi ndi chitseko, anamasula tayi, n'kuyambira pomwe mayi wamasiye anatenga khasu.